Mwala Wosachokera ku Mgodi

1. Ufa uli pamphasa

Ku Bagamoyo, kumapeto kwa tauni ya Moatize, ngakhale mwana amadziwa tanthauzo la sireni ya ku mgodi. Ikalira, amayi amathamangira kuvundikira mitsuko, kuanula zovala ndi kukulunga mphasa za ufa. Pakapita kanthawi nthaka imagwedera kunsi kwa mapazi, kenaka fumbi la malasha limafika pang'onopang'ono ngati mlendo wodziwa kale njira. Ufa woiwalidwa panja umasanduka phulusa.

Perpétua anali atatha zaka ziwiri m'bairu imeneyi, monga amatchulira madera a m'tauni, koma chilendo chinali chisanamuchoke. Kwawo kunali ku Zóbuè, kumapiri a kumalire. Bambo ake atamwalira, amalume ake, a Edmundo, ndiwo anamutenga kuti apitirize sukulu. Pomutsanzika mayi ake anangoti, "Zikakakanika kumeneko, kuno udzapeza khasu likukudikira."

Kusukulu anzake ankalankhula Chinyungwe chothamanga. Iye akayankha m'Chinyanja chake cha kumapiri, ankaseka n'kumati, "Walankhula Mmalawi uja!" Choncho anaphunzira kukhala chete. Zimene akanauza mnzake ankazilemba mu kaderno yake, kope la chikuto chobiriwira.

Lamlungu lina, atabwerako ku Misa, anali kuseri kwa nyumba akutembenuza ufa pamphasa. Dzuwa linali paliwombo. Mwadzidzidzi ufawo unawala mopweteka maso. Atakweza mutu anaona moto woyera ukudutsa kumwamba, kuchokera mbali ya ku Tete kulowera njira ya ku Zóbuè. Unazima msanga, n'kusiya chingwe cha utsi chopindikapindika.

Perpétua anayamba kuwerenga chamumtima, monga anaphunzitsidwira kusukulu. Atafika pa makumi asanu ndi anayi, kunagunda katatu. Koma nthaka sinagwedere. Phokosolo linachokera kumwamba.

"Aphulitsa osaliza sireni!" anakuwa a Tiya Yolanda, akazi a amalume akewo. "Perpétua, ufa! Wangoima ngati chitsa bwanji?"

Bairu yonse inali chiweramire, uyu pamtsuko, uyu pamphasa. Palibe amene anayang'ana kumwamba. Perpétua anakulunga mphasa yake, ndipo asanafike pakhomo anamva chinthu chikulira ngati mluzu. Kenaka malata a nyumba yawo anati pho!

M'kachipinda kosungiramo makasu ndi matumba, momwe iye ankagona, dzuwa linali kulowera pa chiboo chatsopano. Pansi panali mwala wakuda, waukulu ngati chibakera cha munthu wamkulu. Anaukhudza ndi chala. Unali wozizira.

Amayi anadikira fumbi mpaka madzulo. Silinabwere.

2. Umboni wa amalume

A Edmundo kale anali woumba njerwa. Kampani ya mgodi itatenga malo amene ankakumbapo dothi, uvuni wawo unazima. Anzawo ambiri anasamutsidwira ku Mualadze, iwo anatsala m'mphepete mwa mpanda wa mgodi. Nyumba yawo anaimanga ndi njerwa zoumba okha, ndipo mng'alu umene unayambira pawindo n'kumatsika chaka ndi chaka unkawapweteka ngati chilonda cha pathupi.

Anthu atadzaza pabwalo, a Edmundo ananyamula mwalawo m'mwamba.

"Zaka zisanu ndi chimodzi tikudandaula," anatero. "A kampani akabwera amati nyumba zathu n'zomangidwa molakwika. Molakwika! Ine Edmundo? Amati bweretsani umboni. Lero Mulungu watiponyera umboni padenga!"

"Mulungu kapena dinamiti?" anafunsa wina kumbuyo, anthu n'kuseka.

"Kaya ndani, koma aboola lata langa latsopano," anatero a Tiya Yolanda. "Akanasankhako lakale lija."

Lachinayi la sabata yomweyo anthu a kampani anali kubwera kudzamva madandaulo a bairu. A Edmundo anaika dzanja paphewa la Perpétua, chinthu chimene anali asanachitepo pagulu.

"Ndipo mboni tili nayo. Mwana wa mlongo wangayu anali panja. Chipwitikizi amachidziwa kuposa tonsefe. Iyeyu ndiye adzatilankhulire."

"Malume," anatero Perpétua chapansipansi, "sireni sinalire, ndipo fumbi..."

"Mwamumva? Ndi sireni yomwe sanalize! Ulembe zimenezo, mwana wanga."

Anthu anaomba m'manja. Kanali koyamba kuti bairu imeneyi imuyang'ane ndi nkhope zosekerera.

3. Kagulu ka anthu awiri

Aphunzitsi a Fizika, a Belarmino, anali ndi kagulu kophunzira zakumwamba kamene kankakumana Lachitatu akaweruka. Poyamba ana analipo makumi awiri, poganiza kuti adzaona telesikopu. Atapeza kuti kulipo bolodi, choko ndi telefoni yong'aluka galasi, anatha mmodzimmodzi. Anatsala Perpétua yekha.

Lachitatu limenelo anatsegula kaderno n'kuwerenga osakweza maso. Anatchula tsiku, nthawi, mbali imene moto unachokera ndi kumene unalowera. Anati mwalawo kunja n'ngwakuda ngati kunsi kwa poto, koma pamene unabenthuka m'potuwa ngati simenti. Anati umalemera kuposa mmene ukuonekera, ndipo maginito a mu wailesi yakufa amaumamatira.

A Belarmino anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, ine ndaphunzitsa za miyala imeneyi zaka khumi ndi ziwiri, koma sindinaukhudzepo ndi umodzi womwe. Tamvera. Dziko lathuli limayenda m'njira imene mumadutsanso miyala. Yambiri n'njaing'ono ngati mchenga, imapsa isanafike pansi. Ina n'njaikulu ngati nyumba, ina ngati phiri la kwanu ku Zóbuè. Imeneyo ndiyo ma asiteroide amene ndimajambula pabolodipa. Mu 2013 wina unaphulika pamwamba pa mzinda wina ku Russia. Anthu oposa chikwi anavulala, ambiri ndi magalasi, chifukwa ataona kuwala anathamangira pamawindo. Mu 2022 akatswiri anagunditsa dala chombo pa mwala wina kutali kwambiri, njira yake n'kusintha pang'ono. Ndiye kuti mwala ukaoneka nthawi ikadalipo, ungathe kukankhidwa kuti utiphonye. Koma sungakankhe chimene sukuchidziwa. Kachidutswa kalikonse kogwa pansi kamatiuza mmene miyalayo inapangidwira, ngati n'njolimba kapena n'njofumbutuka. Ndipo mboni n'zofunika ngati mwala womwewo. Mboni imodzi imangoti ndinaona. Mboni ziwiri zokhala motalikirana zimajambula njira imene mwala unadzera."

Perpétua anawauza za msonkhano wa mawa lake. Aphunzitsiwo anapukuta choko m'zala.

"Sindinganene kuti amalume ako akunama za ming'alu. Nyumba imene ndimagonamo inenso ili nayo. Koma enjinyeru amadziwa miyala ya mgodi wake monga mayi ako adziwira mbewu yawo ya nyemba. Akhoza kuulandira mwalawo mwaulemu, n'kupita nawo. Mwezi wa mawa adzabwera ndi pepala lonena kuti anthu a ku Bagamoyo anapereka umboni wabodza. Kuyambira pamenepo, ming'alu yoona nayonso idzatchedwa bodza. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Ine ndakuuza zimene ndikudziwa. Koma wogona m'nyumba imeneyo ndiwe, osati ine."

"Mungabwere mawa, aphunzitsi?"

"Mawa andiitana ku Tete. Ndikanakonda."

Perpétua anatseka kaderno. Panja bwalo la sukulu linali litatha kale anthu, ndipo anayenda yekha m'mbali mwa njanji mpaka kunyumba.

4. Pansi pa msau

Anawapeza amalume ake pansi pa mtengo wa masau akumata chubu cha njinga. Anagwada chapatali n'kunena zonse: moto, utsi, kuwerenga kuja, maginito.

A Edmundo sanakalipe. Anaika chubu pansi.

"Sendera kuno. Nthawi ya nkhondo, ine ndi mayi ako tinathawira ku Malawi tili ana. Tinakhala ku Mwanza zaka zisanu ndi ziwiri, tikudya ufa wopatsidwa pamzere. Mtendere utabwera tinabwerera ndi poto mmodzi ndi bulangete limodzi. Mayi ako anatsala ku Zóbuè, ine ndinatsikira kuno. Ndinaponda dothi ndi mapazi awa mpaka zidendene zinang'ambika. Ukayenda m'Moatize muno, nyumba zambiri zimene ukuzionazo njerwa zake zinadutsa m'manja mwanga. Lero ndimamata machubu. Anthu amene akubwera mawa ali ndi mapepala, ali ndi magalimoto, ali ndi akatswiri oti akakuuza kuti khoma lako silinang'aluke umayamba kukayikira maso ako. Ife tili ndi chiyani? Mwala umodzi. Ndiye iwe, mwana amene ndikukudyetsa, ukufuna utilande ndi umenewo? Uchokere kumwamba, uchokere ku mgodi, kodi chiboo chili padengacho chasintha? Sukulu ndi yabwino, n'chifukwa chake ndinakutenga. Koma sukulu imene imachotsa mwana pakati pa anthu ake ndi matenda. Mawa ukanene kuti unamva kuphulika ndipo mwala unaboola denga. Kodi limenelo ndi bodza? Zinazo uzisiye m'kaderno. Ukakatchula za nyenyezi zakozo pamaso pa anthu, m'nyumba muno mulibenso mphasa yako. Paja amati mlendo ndi mame. Usandikumbutse mwambi umenewu."

Anatolanso chubu chija. Nkhani inathera pamenepo.

Mayeso omaliza a desima, kalasi ya khumi, anali atatsala miyezi iwiri, ndipo dzina la Perpétua linalembedwa pa sukulu ya ku Moatize.

Akutsuka mbale, a Tiya Yolanda anamuyandikira. "Kukhala chete si tchimo, mwanawe. Ine ndakhala chete m'nyumba muno zaka makumi awiri, ndipo si uyu ndili moyo?"

5. Funso limodzi

Lachinayi m'mawa anthu anasonkhana pabwalo la ofesi ya bairu. Galimoto yoyera inaima pamthunzi, ndipo munatuluka enjinyeru wamkazi wovala nsapato zazikulu za ku mgodi. Anati dzina lake ndi Débora. Ankalankhula Chipwitikizi, sekeretariyo wa bairu n'kumamasulira.

Atalankhula anthu anayi, a Edmundo anamasula kapulana, chitenje chimene anakulungamo mwala, n'kuuika patebulo. Enjinyeruyo anautembenuza m'manja nthawi yaitali. Anaukanda ndi chikhadabo, anayang'ana pobenthuka paja, nkhope yake n'kusintha.

"Alipo anaona?" anafunsa.

Perpétua anaimirira.

"Ndinali panja. Ndinamva kuphulika katatu. Kenaka mwalawu unaboola denga."

A Edmundo anagwedeza mutu movomereza. Perpétua anali atayamba kale kukhala pansi pamene enjinyeruyo anafunsanso.

"Kuphulikako kunachokera mbali iti?"

Perpétua anayang'ana amalume ake. Iwo analoza ku mgodi ndi milomo, pang'ono pokha. Anayang'ana anthu aja anamuombera m'manja Lamlungu. Onse anali kumudikira.

Anakweza dzanja, chala chikuloza kumwamba.

Kenaka anatsegula kaderno n'kuwerenga tsamba lonse m'Chipwitikizi. Sekeretariyo atazengereza kumasulira, analibwereza yekha m'Chinyanja chake cha kumapiri, chija ankamuseka nacho, kuti pasakhale wonena kuti sanamve.

"Watigulitsa!" anakuwa mayi wina.

"Amudyetsa chiyani mwanayu?"

"Ndimanena ine, Amalawi sungawakhulupirire!"

Perpétua anakweza mawu, koma mawu ake sanazolowere kukwera. "Mwalawu si wa ku mgodi. Koma m'kaderno muno mulinso masamba ena. Aphunzitsi anatiuza kuti tizilemba zimene tikuona. Ndalemba tsiku lililonse limene kunaphulitsidwa kuyambira chaka chatha. Mng'alu wa pawindo la amalume ndakhala ndikuuyeza ndi ulusi mwezi uliwonse. Ulusi wake ndi uwu."

M'masambamo munali timaulusi khumi ndi tinayi tomatidwa ndi phala, kalikonse kotalikirapo kuposa kanzake.

Enjinyeru Débora anajambula masambawo ndi telefoni, limodzi ndi limodzi. "Izi ndikaziona bwino," anatero. Sanalonjeze kanthu. Ndipo anthu ambiri sanamve n'komwe, chifukwa anali atayamba kale kunyamula mipando yawo. A Edmundo anakulunga mwala mu kapulana n'kudutsa pafupi ndi Perpétua ngati akudutsa mtengo.

Tsiku limenelo palibe anamulankhula. Kumpopi, atsikana anasuntha zidebe zawo iye atafika.

6. Chapa ya ku Zóbuè

Lachisanu m'mawa anapeza chikwama chake pakhomo. A Edmundo anatuluka ndi mwala uja n'kuuponya pamwamba pa zovala.

"Tenga ndi uwu. Ukawaonetse mayi ako chimene wasinthanitsa ndi sukulu."

Perpétua anagwada. "Zikomo pondisunga, malume."

Iwo analowa m'nyumba.

A Tiya Yolanda anamuperekeza mpaka kumsewu waukulu, n'kumupatsa masau a m'pepala. "Mtima wa amalume ako ndi uvuni," anatero. "Umachedwa kuzizira. Kaya mayesowo adzaupeza utazizira, ine sindikudziwa." Anapukuta maso ndi nsonga ya kapulana n'kubwerera mofulumira.

Chapa, minibasi yopita ku Zóbuè, inanyamuka. Perpétua anakhala pawindo, chikwama pamiyendo. Anadutsa ana ovala yunifolomu ngati yake akupita kusukulu. Anadutsa sitima yaitali ya malasha. Milu yakuda ya ku mgodi inatsalira m'mbuyo, ndipo kutsogolo kunayamba kuoneka mapiri. Sanadye masau aja. Ankangokonza mawu okawauza mayi ake, koma palibe amene ankakhala bwino.

Pafupi naye panakhala mayi wonenepa wokhala ndi nkhuku m'dengu, amene kuyambira ponyamuka ankakangana ndi kobradoli, wotolera ndalama m'chapamo.

"Inu a ku Moatize chilichonse mumangoti mgodi, mgodi," anatero mayiyo. "Ngakhale mimba ikalira mumati aphulitsa! Ife ku Nkondezi tinauona ndi maso Lamlungu lija. Moto, masana dzuwa likuswa mtengo!"

"Munali mutamwa, mayi," anatero kobradoli.

"Ndikanamwa ndikanaona iwiri."

Chapa yonse inaseka. Perpétua sanaseke. Chiyambire anali asanayambepo kulankhula ndi munthu wachilendo, koma anamva mawu ake akutuluka.

"Pepani, mayi. Motowo unachokera mbali iti? Ndipo munali mutaima pati?"

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe ndiwe wapolisi?"

"Ayi. Inenso ndinauona."

Anatsegula chikwama pang'ono n'kumuonetsa mwala. Mayiyo anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Kamwana kake! Mayi wake ali m'munda mwathu, wamkulu ngati dzungu. Anakumba dzenje pakati pa nandolo. Amuna anga akuti mawa m'mawa auswa ndi nyundo, aone ngati muli golide."

"Asauswe!"

"Ukawauze ndiwe. Ine akandimvera ndi liti?"

Patapita kanthawi chapa inachepetsa liwiro. "Nkondezi! Otsika Nkondezi!" anakuwa kobradoli. Mayi uja anatsika ndi dengu lake. Ku Zóbuè kunali kukadali kutali, ndipo mayi ake a Perpétua sankadziwa n'komwe kuti mwana wawo ali m'njira.

Chitseko chili pafupi kutsekedwa, Perpétua ananyamula chikwama n'kudzipanikiza pakati pa mawondo a anthu.

"Iwe wa ku Zóbuè!" anakuwa kobradoli. "Kuno si kwanu!"

"Ndazolowera," anayankha Perpétua, n'kuponda pansi.

Chapa inapita, fumbi lake n'kutsika. Mayi uja anali atalowa kale m'kanjira ka m'tchire, nkhuku ikulira m'dengu. Perpétua anatulutsa kaderno, anatsegula tsamba latsopano, ndipo pamwamba pake analemba kuti: Mboni yachiwiri. Kenaka anathamanga kumulondola, mwala ukumugunda pamsana.